Kompyuta Yodwala Loweruka Lokha

Ndinali nditagwada pansi pa tebulo, nsapato ya bwana wa fakitale ili pafupi ndi khutu langa.

"Zula, ulowetsenso," anatero.

Ndinazula waya kumbuyo kwa kompyuta, n'kuuzira kumutu kwake ngati ndikukoleza moto, n'kubwezera. Kalaliki wa pa sikelo anayang'ana pagalasi, napukusa mutu. Bwana anati ndichitenso. Ndinachitanso. Anati ndiimenye pang'ono m'mbali. Ndinaimenya. Sinamve.

Linali Loweruka m'mawa, nthawi ya mvula. Panja mathirakitala anali atandanda, ngolo zitadzaza matumba a tiyi wongothyola kumene. Tsamba la tiyi silidikira munthu. Likakhalitsa m'thumba limatentha, limafiira, basi mwataya. Sikelo inalibe vuto. Koma makilo a thumba lililonse ankayenera kuchoka pa kompyuta ya pa sikelo kupita pa ina ya m'kati mwa fakitale, ndipo tsiku limenelo ziwirizi sizinkayankhulana, ngati akazi a pamitala.

Bwana analamula makalaliki kuti abwerere ku pensulo. Anatukwana m'Chingerezi, anatukwananso m'chinenero cha kwawo kumpoto, kenako anawerama n'kundipeza pansi pa tebulo paja.

"Ndi waya wako uyu."

Anali wanga ndithu. Ine ndinali wa ku wekishopu pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Ntchito yanga inali chilichonse chothyoka: mipope, maloko, mababu, zitseko za zimbudzi. Ndisanalowe ku wekishopu ndinali m'munda, dengu kumsana. Makompyuta atafika, nthawi imene mafoni a m'manja ankayamba kupezeka ndi kwa anthu ngati ife, anafuna munthu wokumba ngalande kuchokera ku ofesi yaikulu mpaka ku fakitale. Ndinakumba, ndinayala paipi, ndinalowetsamo waya wabuluu, ndinakwirira. Kuyambira pamenepo ndinasanduka katswiri wa makompyuta popanda wondifunsa. Pulinta ikameza pepala, ine. Kalaliki akaponda waya ndi mpando, ine.

Mwini ntchito weniweni anali mayi wina wa ku Limbe, wochepa thupi, woyenda ndi chikwama cha zida cholemera kuposa mwini wake. Tinkangowatchula kuti mayi a makompyuta. Tsiku limene ankalumikiza zonse anandifotokozera, ine nditagwira makwerero. Anati kompyuta iliyonse ikayatsidwa m'mawa imafuula m'waya kupempha nambala. Ikakhala yopanda nambala, zinzake siziidziwa. Yogawa manambalawo inali kompyuta yaikulu imene ankaitcha seva, yokhala m'kachipinda kakekake kuseri kwa ofesi yaikulu. Ndinati ndiye kapitawo ameneyo, wogawa mizere m'mawa. Anati ndingatero, kungoti uyu sakondera ndipo safunsira atsikana.

Anatinso kompyuta ikafuula osayankhidwa, imadzipatsa yokha nambala yabodza, yoyamba ndi 169. Imakhala nayo phee, n'kumadziona ngati munthu, pomwe palibe akuimva. Anandionetsa poonera: kawindo kakuda, n'kulembamo ipconfig. Mpaka lero sindidziwa ngati mawuwa ndi Chingerezi, koma ndimatha kuwalemba ndi chala chimodzi.

Loweruka limenelo ndinali nditalemba kale. 169.

Sikanali koyamba. Matendawa anali atayamba ndi mvula. Loweruka kompyuta ya pa sikelo inkadzuka ndi 169. Lolemba galimoto ya esiteti inkapita ku Limbe kukatenga katundu n'kubwera ndi mayi aja. Ankayatsa, nambala yabwino inkabwera nthawi yomweyo, zonse zikuyenda ngati palibe chinachitika. Ankandiyang'ana. Ine ndinkayang'ana kudenga. Loweruka lotsatira, 169. Anali matenda odziwa tsiku lobwera dokotala.

M'chilimwe fakitale sinkagaya Loweruka chifukwa tsamba limakhala lochepa, ndiye palibe ankayatsa makompyuta tsiku limenelo. Koma zimenezi palibe anaziganizira, ngakhale ine. Aliyense anangoona mvula, n'kuona ngalande yanga, n'kumaliza nkhani: madzi alowa m'waya. Ndinafunsapo kuti madzi amenewa kalendala anaiphunzira kuti. Bwana anati ndisachite mwano. Kalaliki wa pa sikelo anati mwina ndi makoswe. Mlonda wa pageti anati watilodza kalaliki wina wakale amene ntchito inamuthera makompyuta atabwera, ndipo m'mawa wina tinapeza mchere utawazidwa pakhomo la fakitale. Mchere unasungunuka, 169 inatsala.

Bwana anandikumbitsa. Ndinafukula ngalande yanga yomwe, pano ndi apo, katondo akumata ku fosholo, mvula ikulowera m'khosi. Paipi ndinaipeza youma. Chimene ndinapezamo ndi chule mmodzi, ndipo sanaoneke ngati amadziwa za makompyuta. Mayi aja anaika kachipangizo kawo uku ndi uku kwa waya, timagetsi tonse tinayaka. Anauza bwana kuti waya alibe mlandu. Bwana anati Lolemba palibe amakhala ndi mlandu pa esiteti pano. Anatinso satumizanso galimoto kukatenga munthu wobwera kudzaonera zinthu zikuyenda bwino.

Ndiye Loweruka la pansi pa tebulo lija, nditatuluka n'kukutumula mawondo, anandiuza pamaso pa makalaliki onse. Anati Loweruka likubweralo akaonanso 169, ndibwerera ku dengu, ndipo nyumba ya ku malayini a amisiri ndiisiyira wina.

Dengu sindinkaliopa. Ndinalinyamulapo, msana ukulidziwa. Chimene ndinkaopa ndi kutaya nyumba. Ine ndinakwatira ku Khonjeni, ndipo kwathu kuno mwamuna ndi amene amapita kwa mkazi. Zaka zoyamba ndinakhala pachikamwini. Kulima munda wosakhala wako. Kumanga nkhokwe yoti kiyi wake ali ndi apongozi aakazi. Kutsokomola mopepesa. Nyumba ya pa esiteti inali yaing'ono, denga lodontha pakona, chimbudzi chogawana ndi banja la wowotcherera. Koma pakhonde pake ndinkakhala osavala malaya, miyendo ili tambalale, osapempha chilolezo kwa munthu. Wothyola tiyi wa nyengo sankapatsidwa nyumba yotere. Ikapita, ulendo unali wa ku Khonjeni.

Foni yanga inkagwira netiweki malo amodzi okha, pamwamba pa chulu kuseri kwa fakitale. Ndinakwera n'kuimbira mayi a makompyuta. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, zomwe sizinatenge nthawi.

"Achimwene, siyani kukumba," anatero. "Kompyuta ikufuula, waya akunyamula mawu. Amene sakuyankha ndi seva. Pitani mukaione lero lomwe, osati Lolemba."

Ndinati ofesi yaikulu sitsegula Loweruka, kachipindako n'kokhoma. Anati ndikaike khutu pachitseko. Seva yamoyo imalira, ili ndi fani m'mimba.

Ndinapita. Ndinaika khutu. Zii. Ndinazungulira kuseri, ndinakwera pa njerwa, n'kusuzumira pa kawindo. Seva inali pomwepo pa tebulo lake, timagetsi take tonse titazima. Inali itafunditsidwa nsalu yoyera yoluka maluwa m'mphepete, yoyalidwa bwino, makona ofanana. Nsalu zotero ndinkazidziwa. Ankaluka ndi apongozi anga aakazi, zoyala patebulo la kutchalitchi kwawo. Ndipo kiyi wa kachipindako anali mmodzi.

Ndinatsika pa njerwa paja pang'onopang'ono.

Apongozi anga aamuna anali mesenjala wamkulu wa ofesi yaikulu. Makiyi onse ankakhala pa tcheni m'chiuno mwawo, moti munthu unkawamva asanatulukire. Analinso mkulu wa mpingo kwa anthu osunga Sabata, aja a kumishoni. Moyo wawo wonse anagwira pa esiteti ya tiyi, koma tiyi sanamulawepo. Ankanyamulira mabwana thireyi nkhope atayang'ana kumbali, ngati anyamula za wodwala. Kuyambira nthawi ya azungu akale panali pangano: Lachisanu ankaweruka dzuwa lisanalowe, Loweruka osaoneka, Lamulungu n'kubwera okha kudzasesa ndi kupukuta. Ndi iwonso amene anandipemphera malo ku wekishopu.

Lamulungu ndinakabisala kuseri kwa thanki. Anafika pa njinga, anatsegula kachipinda, anavundukula nsalu, anaipinda kanayi, anayatsa swichi pakhoma, anadina batani. Seva inayamba kulira. Anaimirira pang'ono kuimvetsera, ngati munthu woona mbuzi yake ikudya, kenako anakatenga tsache.

Wina anganene kuti nkhani yatha, ungopita n'kuwauza. Ameneyo sanakhalepo mkamwini. Mkamwini sauza apongozi kuti mwalakwa. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'tiyi, n'kupereka moni ndili chapatali. Ngakhale pantchito sitinkayankhulana mwachindunji. Babu likapsa mu ofesi, ankauza wotayipa kuti, auzeni a ku wekishopu babu lapsa, ine ndili chiimire pomwepo ndi babu latsopano m'manja. Ndiye ndiyambire pati kuwauza kuti Sabata lawo likuwononga tiyi wa kampani? Kukanena kwa bwana kunali koipa kuposa apo. Mkamwini wokaneneza apongozi kwa abwana, ku Khonjeni angamuimbe nyimbo mpaka adzukulu ake.

Lolemba ndinakweranso chulu. Ndinauza mayi aja kuti seva imazimitsidwa Lachisanu n'kuyatsidwa Lamulungu. Anafunsa kuti chitsiru chake ndi ndani. Ndinati netiweki ikudukaduka. Anati mankhwala ndi osavuta, munthuyo auzidwe asiye. Ndinafunsa ngati palibe njira ina yosadutsa pa munthu. Anati ilipo, koma saikonda. Kompyuta ungathe kuilembera nambala yakeyake ndi dzanja, kuti isamapemphenso kwa seva. Anandikumbutsa kuti masikelo athu ndi awiri, makompyuta awiri, iliyonse ilandire yake. Zisafanane. Anabwereza kuti zisafanane.

Tinachita Lachiwiri masana, mathirakitala asanabwere ndi tsamba lachiwiri. Vuto linali loti foni ili pachulu, kompyuta ili ku sikelo. Mayi aja ankatchula manambala, magulu anayi olekana ndi timadontho, ine n'kulemba padzanja ndi bolopeni, n'kutsika, n'kuthamanga. Kunkawaza mvula. Pofika ku sikelo dzanja linali labuluu lonse, manambala atasanduka mitsinje. Ndinabwerera. Ulendo wachiwiri ndinawanyamula m'mutu, ndikuwanong'ona njira yonse. Pakona pa fakitale ndinakumana ndi kapitawo wina wachikulire amene anali atangochira. Munthu wotere sungamudutse. Ndinaima. Anandifunsa za kunyumba, ndinamufunsa za mwendo, anandionetsa mwendowo. Pofika ku sikelo m'mutu munatsala nambala imodzi, ndipo ndinaipereka kwa onse awiri.

Makompyuta awiri aja anachita ngati amuna awiri amene apezana pakhomo la mkazi mmodzi. Iliyonse inatulutsa chikalata pagalasi kudandaula za inzake, kenako zonse zinanyanyala. Kalaliki wa pa sikelo anatulutsa mutu pawindo n'kuuza aliyense wodutsa kuti tsopano yayamba kudwala ndi Lachiwiri lomwe. Ndinakwera chulu kangapo kuti tibweze zinthu mwakale. Mayunitsi asanathe, mayi aja anandipempha mwaulemu kuti ndisakhudzenso chilichonse chokhala ndi batani.

Madzulo ndinauza mayi a kunyumba. Anaseka mpaka anakhala pansi. Anati bambo awo amazimitsa ndi wailesi ya eni ake yomwe akaipeza ikulira Lachisanu. Nditanena za nyumba analeka kuseka, koma osati kwambiri. Anati ku Khonjeni kulibe chilombo, anthu akukhala. Ndinati ine sindikakhala. Ndinawapempha kuti akalankhule ndi bambo awo. Anakana. Iwo anasiya mpingo wa makolo awo pokwatiwa ndi ine, munthu womwa tiyi wa shuga wambiri ndi zina zoposa tiyi, ndiye pa nkhani ya Sabata analibe pakamwa. Anati nkhani yovuta pakati pa mkamwini ndi apongozi ili ndi njira yake, ndipo ndikuidziwa. Ipite kwa ankhoswe.

Nkhoswe ya kuchikazi anali amalume awo, dalaivala wa thirakitala pa esiteti pomwepo. Ndinawapeza Lachitatu masana pansi pa bulugamu, kuseri kwa shedi. Nditanena kuti ndabwera ndi nkhani ya m'banja, anapukuta manja, anakhala bwino, nkhope ikuwala.

"Mwawamenya?"

"Ayi."

"Pali mimba ya kunja?"

"Ayi."

"Nanga ndi chiyani, akamwini?"

"Kompyuta."

Anakhumudwa poonekera. Anati pa unkhoswe wawo wonse anaweruzapo za ndiwo, za mabulangete, za mwamuna wolephera ntchito ya m'nyumba, koma izi ayi. Ndinawafotokozera za seva, za kufuula m'waya, za 169. Anafunsa ngati 169 ndi ndalama. Ndinayambiranso. Pamapeto anati amva: alamu awo akugoneka chinthu cha kampani, ndipo chikagona ine ndisowa pogona. Ndinati ndi zomwezo. Anati apita madzulo omwewo, koma ndidziwe kuti nkhoswe siyenda kukhosi kuli gwa. Ndinawakonzera za kukhosi.

Yankho linabwera m'mawa mwake, podzera njira yomweyo: apongozi kwa amalume, amalume kwa mayi a kunyumba, mayi a kunyumba kwa ine, ngakhale kuti apongoziwo ndinali nditawadutsa kale pageti. Anati chilichonse chokhala pansi pa kiyi wawo chili m'manja mwawo, ndipo adzayankha ndi iwo, osati bwana. Pa Sabata, pansi pa kiyi wawo sipagwira ntchito kanthu. Ketulo sagwira, fani sagwira, makina a fotokope sagwira. Nanga chinthu chobuula usana ndi usiku chija chinalakwa chiyani kuti chisapume, pomwe ndi ng'ombe yomwe amaimasula goli? Za waya anati sakuzidziwa, sanakumbe ndi iwo. Za nyumba anati ku Khonjeni malo alipo, ndipo nkhokwe ina yayamba kupendama. Anawonjeza kuti mwamuna wamkulu womabisala kuseri kwa thanki amachititsa manyazi banja.

Anali atandiona.

Amalume aja pochokera kwa alamu awo sanalunjike kunyumba. Anadzera kumene kunali za kukhosi zija. Pofika Lachinayi masana esiteti yonse inali ikudziwa kuti seva yalowa mpingo. Azimayi a pa mzere wa sikelo ankandifunsa ngati idzabatizidwe mu damu la fakitale kapena aipititsa kumishoni. Wowotcherera anati ndisamadutse pafupi nayo ndikadya mlamba, nsomba imene a Sabata sadya. Mlonda wa mchere uja anati iye ananena kale kuti nkhaniyi ndi ya mizimu, anangophonya mbali. Wina anandipatsa dzina loti dikoni. Ndinali kalikiliki ndi mpope wa ku chimbudzi cha makalaliki, umene unalibe vuto.

Nkhani inafika kwa wophikira bwana, ndipo Lachisanu m'mawa bwana anatiitanitsa tonse awiri, ine ndi apongozi.

Apongozi analowa ndi yunifolomu yawo ya kaki yositidwa, makiyi akulira. Ine ndinaima pafupi ndi chitseko, kutali nawo mmene chipinda chinalolera. Bwana anayamba ndi kuseka. Anaseka yekha, kenako anakumbukira tiyi amene anafiira m'matumba, kuseka kunatha. Anafunsa apongozi ngati ndi zoona.

"Inde, bwana, ndimazimitsa," anatero. "Koma mwadongosolo, monga anandionetsera mayi a ku Limbe aja tsiku lina magetsi akuvutavuta. Ndimadikira igone kaye. Sindizula pakhoma ngati wakuba."

Bwana anafunsa chifukwa chake sananene masabata onsewa, anthu akuvutika.

"Palibe anandifunsa. Ankakumba."

Anati iwo Loweruka sakhalako, ndiye za ku sikelo ankangomva kuti ndi madzi, ndipo ankapemphera kuti madziwo aphwe. Bwana anagwira mutu. Kenako anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinati Loweruka. Anafunsa chifukwa chimene ndinakhalira chete mpaka kufika pogwetsa masikelo onse awiri Lachiwiri. Ndinati ndi apongozi anga.

"Ndiye?"

Kwawo kumpoto munthu amapereka ng'ombe, n'kutenga mkazi, n'kumapita. Sungamufotokozere za nkhokwe ya ku Khonjeni. Anandiyang'ana ngati ndayankhula Chilomwe.

Anauza apongozi kuti kuyambira lero seva isazimitsidwenso, kaya ndi Sabata, kaya ndi Khirisimasi, kaya kwagwa maliro. Apongozi anati amva, koma kiyi ali m'chiuno mwawo sizingatheke. Anati zina zonse bwana angawatume, ngakhale kutsuka makapu a tiyi, ndipo akhala akutsuka osadandaula. Bwana anawafunsa ngati akudziwa kuti angathe kuwachotsa ntchito. Anati akudziwa. Panja thirakitala inadutsa, ndipo ndikhulupirira kuti anali amalume, chifukwa inachedwa kwambiri pawindo.

Bwana sanali munthu woipa, anali wotopa. Anati chabwino, ngati vuto ndi kiyi, achotse kiyiyo.

Apongozi anamasula tcheni m'chiuno. Anafufuza pakati pa makiyi, ngakhale ankamudziwa ndi maso otseka. Zala zawo zinali zokalamba, mphete ya makiyi inali yolimba, ndipo zinatenga nthawi. Palibe anawathandiza. Ine sindikanatha, bwana sanaganize. Chiyambire ntchito, pa tcheni chimenecho pankangowonjezeka makiyi, sipanachokepo ndi mmodzi yemwe. Atamutulutsa sanamupereke m'manja mwa munthu. Anamuika patebulo, pakati penipeni.

Bwana anamukankha ndi bolopeni mpaka kumbali yanga.

"Tenga. Seva ndi yako tsopano, pamodzi ndi waya wako. Mawa ndikaona 169, ukudziwa kale."

Ndinayang'ana kiyi uja. Ndikamusiya, nyumba yapita. Ndikamutenga, ndatenga kiyi wa apongozi pamaso pawo. Ndinaganiza za khonde langa. Ndinatola ndi manja awiri, mwa chizolowezi, ndipo zinaoneka ngati ndikuthokoza. Apongozi anamanganso tcheni m'chiuno, anafunsa bwana ngati pali china, n'kutuluka. Ndinawapatukira pachitseko mpaka ndinagunda kabati.

Tsiku lonselo ndinagwira ntchito kiyi ali m'thumba la malaya. Anali kachitsulo kochepa, koma ndinkamumva. Uthenga unandipeza ku wekishopu kuchokera kwa mayi a kunyumba woti amva, ndipo ndiwo za madzulo ndikazionere ndekha.

Dzuwa litatsikira ku mabulugamu ndinapita ku ofesi yaikulu kuti ndikatsimikize. Makalaliki anali ataweruka. Ndinatsegula kachipinda. Seva inali ikulira, timagetsi tikuphethira. Ndinagwira waya kumbuyo, anali wolimba. Ndinayang'ana swichi pakhoma, n'kumatapo tepi yakuda kuti wina asaigunde ndi tsache.

M'khonde ndinkamva makiyi. Apongozi ankayenda chitseko ndi chitseko, kuzimitsa, kukhoma, kuyesa chogwirira. Anamaliza zonse. Anafika pa kachipinda n'kuima chapatali, njinga ataigwira pa handulo. Sanayang'ane ine. Anayang'ana seva.

"Akamwini," anatero, "dzuwa lapendeka."

Ndinatuluka, ndinakoka chitseko, ndinakhoma. Kulira kwa fani kunkamvekabe kudzera m'thabwa. Ndinaika kiyi m'thumba, ndinatsika masitepe, n'kulowera njira ya ku malayini.